Kadimba ka anthu awiri: kayambidwe ka ulimi wa ndiwo zamasamba ana atachoka pakhomo

Ana akabalalika, wina ku Lilongwe, wina ku Joni, wina kubanja kwake, pakhomo pamasintha zinthu ziwiri. Mphika wa ndiwo umachepa, manja otunga madzi nawonso amachepa. Ambiri oyamba dimba pa msinkhu umenewu amaiwala zonse ziwiri. Malo alipo, nthawi ilipo, ya mbewu mwana watumiza pa Mpamba, basi n'kutipula chigawo chonse. Pofika Seputembala chitsime chatsika, msana ukuwawa, theka la mabedi lauma, kwinako repu wakhwimira m'munda chifukwa odya ndi awiri okha. Malangizo awa ndi a mayi kapena bambo wa ku Dedza ndi ku Ntcheu amene akufuna ndiwo zapakhomo chaka chonse, osati wofuna kudzaza lole pa msika wa Lizulu.

Yambani ndi ndowa, khasu pambuyo

Dimba lanu musaliyeze ndi malo amene muli nawo. Liyezeni ndi madzi amene mungathe kunyamula nokha tsiku ndi tsiku. Masamu ake ndi awa. Bedi la mita 1 mulifupi ndi mamita 5 mulitali limamwa malita pafupifupi 15 patsiku m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, koma dzuwa la Seputembala ndi Okutobala likafika limafuna malita 25, mwinanso kuposa ngati simunaphimbire. Mabedi 6 ndiye kuti malita 150 patsiku. Kheni lanu likakhala la malita 10, amenewo ndi makheni 15. Mukamanyamula awiriawiri ndi maulendo 8 opita kuchitsime ndi kubwerera, tsiku lililonse, Lamulungu lomwe.

Musanatipule, yesani kaye. Kwa masiku atatu otsatizana tungani makheni 15 amenewo, mukathire pamalo pomwe mukufuna kuika mabedi. Tsiku lachitatu mawondo ndi msana zikuuzani zoona. Zikadandaula, yambani ndi mabedi 4. Palibe manyazi pamenepa. Mabedi 4 othiriridwa bwino amatulutsa ndiwo zambiri kuposa 10 omwa madzi mopemphetsa.

Chitsime musachiweruze mu Epulo pamene dambo lonse lili chinyezi. Funsani olima pafupi kuti mu Okutobala madzi amakhala pati, ndiponso ngati chimaphwa. Thiredo pampu kapena pampu ya sola musagule chaka choyamba ngakhale ana aumirire. Pampu imakoka madzi mwachangu kuposa momwe kachitsime kakang'ono kamadzadzira, ndipo ikafika pakhomo imanyengerera munthu kukuza dimba asanadziwe kusamala laling'ono.

Mabedi 6, tinjira ta theka la mita pakati pake, kanazale ndi pounjika manyowa zimakwana pa malo a mamita 12 mulitali ndi 7 mulifupi.

Malo ake

Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo ku Bembeke, Lizulu ndi Tsangano kuzizira kwa Juni ndi Julayi aliyense amakudziwa. Chomwe oyamba kumene sadziwa n'chakuti mpweya wozizira umatsetsereka usiku ngati madzi n'kukakhazikika pansi penipeni pa dambo. Chisanu chimayambira pamenepo kuwaula mbewu. Dimba la pansi pa dambo tomato amapsa usiku umodzi, pamene la mnzanu lili pokwera pang'ono, mamita 50 okha, lili bwinobwino. Sankhani m'mbali mwa dambo pokwererapo, pamene madzi ali pafupi koma sadikha. Ngati muli kumunsi kotentha monga ku Golomoti, Mtakataka kapena Bwanje, chisanu si nkhawa yanu. Kumeneko mdani ndi dzuwa, ndiye pa madzi onjezerani.

Pakhale poti dzuwa limafika maola osachepera 6. Talikirani mitengo ya bulugamu chifukwa mizu yake imayenda patali ndipo idzamwa madzi anu onse. Musalime mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Siyani mpata wa udzu, kapena mubzalepo vetiva ndi nsenjere, apo ayi mvula yoyamba yamphamvu idzagumula gombe pamodzi ndi mabedi.

Funsaninso zomwe zinkalimidwapo. Mukamva kuti tomato kapena mbatatesi zinkangofota zili zobiriwira, kapena kabichi ankatupa mizu, dziwani kuti matenda amenewo amakhala m'nthaka zaka zambiri.

Malo akakhala obwereka kapena a lendi, kambiranani pamaso pa mwini mbumba kapena amfumu, mutchule zaka. Kumudzi si zachilendo kuti munthu athire manyowa zaka ziwiri, nthaka ikangoda bwino eni ake n'kunena kuti mphwawo akufuna kulimapo.

Mpanda umangidwe mbewu isanalowe pansi. Anthu akangokolola chimanga mbuzi zimatayiriridwa, ndipo mbuzi imodzi imatha bedi la repu inu mukumwa tiyi. Mpanda wa udzu kapena bango wotalika mita ndi theka ndi wokwanira, ndipo umatchinganso mphepo ya mwera. Pansi pake pathinane kwambiri chifukwa nkhuku zimalowera pamenepo.

Kukonza nthaka

Tipulani mozama masentimita 30, pafupifupi kutalika kwa mpeni wa khasu kawiri. Phwanyani zibuma. Mizu ya kapinga ndi timbatata ta dawe tolani ndi manja n'kukataya kunja kwa mpanda, chifukwa kachidutswa kalikonse kotsalira kamaphukanso. Ntchito imeneyi ndi imene muyenera kulembera waganyu ngati ndalama ilipo. Ndi yolemetsa koma ndi ya kamodzi.

Bedi lisapose mita 1 mulifupi. Cholinga n'chakuti mufike pakati ndi dzanja muli m'kanjira, osaponda pabedi ndiponso osawerama kwambiri. M'chilimwe, pa nthaka ya mchenga kapena katondo, pangani mabedi olowa pansi okhala ndi kamzere kuzungulira kuti madzi asathawe. Pa makande onyowa, kapena m'dzinja, bedi likwere masentimita 15 mpaka 20, ndipo mukumbe ngalande yotulutsa madzi.

Pa bedi la mamita 5 thirani ndowa 4 kapena 5 za manyowa owola bwino a ng'ombe kapena mbuzi, musakanize ndi dothi lapamwamba. Zitosi za nkhuku ndi zaukali, thirani theka la muyezowu. Manyowa owola amakhala akuda, ofumbutuka m'manja, onunkhira dothi la m'nkhalango. Amene akadali kununkha khola ndi aawisi: amawotcha mizu, amabweretsa njere za udzu, ndipo amaitana mbozi zodula mbande. Mukatha kusakaniza, thirirani bedi n'kulisiya sabata imodzi kapena ziwiri. Udzu umene umere muupalire musanabzale, mwapulumuka kupalira kumodzi.

Opanda khola apange kompositi. Yalani mapesi odulidwa pansi, pamwamba masamba aawisi monga deliya kapena zotsalira za nyemba, kenako ndowe pang'ono zopempha kwa anansi, phulusa lowaza ndi dothi pang'ono. Wazani madzi, bwerezani mpaka mulu ufike m'chiuno. Mukaumata ndi matope n'kusiya kabowo pamwamba, ndiye chimato chija alangizi amaphunzitsa. Zikani ndodo pakati. Pakatha masiku anayi kapena asanu izuleni muigwire. Ikakhala yotentha, zinthu zikuyenda. Ikakhala yozizira ndi youma, madzi achepa. Ikatuluka yonyowa ndi fungo loipa, madzi achuluka ndipo mpweya sukulowa. Kuno kozizira yembekezani miyezi itatu.

Feteleza wakwera mtengo, ndiye ambiri akumutambasula popanga manyowa a mbeya. Muyezo wofala ndi makilogalamu 20 a madeya, 20 a ndowe zouma zopera za nkhumba, mbuzi kapena nkhuku, 10 a phulusa losefa, 10 a feteleza ndi malita 5 a madzi. Sakanizani mpaka mukafinya m'manja ziumbike osadontha madzi, ikani m'thumba lokhala ndi pulasitiki mkati, mangani zolimba, sungani pamthunzi masiku 21, kenako yanikani pamthunzi musanathire. Pa kadimba ka anthu awiri theka la muyezowu likukwanirani nyengo yonse.

Mubzale chiyani

Bzalani zomwe mumadya, ndipo muzibzala pang'onopang'ono. Cholakwa chachikulu cha oyamba kumene ndi kufesa paketi yonse tsiku limodzi. Kabichi ndiye chitsanzo chabwino. Bedi la mamita 5 limalowa mitu pafupifupi 16, yonse imakhwima sabata imodzi, ikakhalitsa imang'ambika. Anthu awiri adya mitu 16? Wokerani 6, pakatha mwezi 6 ina.

Mabedi 6 mungawagawe motere poyamba mu Epulo kapena Meyi. Awiri akhale a repu ndi mpiru, koma lachiwiri muwokere patatha masabata 4 kuti loyamba likamatopa linalo likhale likuyamba. Limodzi la anyezi. Limodzi ligawike pakati, karoti ndi nsawawa. Limodzi la kabichi kapena chayinizi. Lachisanu ndi chimodzi lisiyeni lophimbira, likudikira tomato chisanu chikatha. Zonse zoyambazi zimapirira kuzizira, ndipo repu wa m'nyengo yozizira ndiye wokoma. Nyemba, zitheba, nkhwani ndi tomato zimapsa ndi chisanu, choncho zidikire Ogasiti.

Kukayamba kutentha mpiru umathamangira kuchita maluwa n'kuyamba kuwawa. Musalimbane nawo. Zulani, mufese bonongwe, luni, chitambe ndi maungu a nkhwani. Ndiwo zathuzi zimakonda kutentha, tizilombo sitizivutitsa ngati repu, mbewu yake simugula, ndipo bonongwe mumayamba kuthyola pakatha masabata 4 kapena 5. N'zodabwitsa kuti anthu amaziona ngati udzu, chonsecho ndi zimene zimapulumutsa mu Okutobala.

Mbewu zogula zikhale za m'paketi yomata, yolembedwa tsiku lothera ntchito. Mayina odziwika m'masitolo a zaulimi ndi monga Giant Essex pa repu, Copenhagen Market ndi Drumhead pa kabichi, Red Creole ndi Texas Grano pa anyezi, Nantes pa karoti, Tengeru, Tanya ndi Rodade pa tomato. Red Creole amasungika nthawi yaitali kuposa Texas Grano, ndiye pakhomo ndi amene ali bwino. Paketi yolembedwa F1 ndi ya haibulidi: imabereka bwino koma njere zake musasunge. Ngati mwatsala ndi mbewu ya chaka chatha, kulungani njere 10 m'kansalu konyowa, muike pofunda. Pakatha sabata, kapena masabata awiri pa anyezi ndi karoti, zikamera zosakwana 7, kaguleni ina.

Nazale

Mita 1 mbali zonse ndi yokwanira. Ikhale pafupi ndi chitsime, yokwera pang'ono, dothi lake losalala ngati ufa wa mgaiwa, losakaniza ndi ndowa imodzi ya manyowa osefa. Ambiri amayamba atenthapo mapesi kuti aphe njere za udzu ndi matenda a m'dothi lapamwamba, ndipo pa kamalo kakang'ono chonchi zimathandiza.

Lembani timizere ndi chala, motalikirana masentimita 10 mpaka 15, kuya kwake sentimita 1 basi. Njere zazing'ono zikakwiririka kwambiri zimafera pansi. Fesani mopatuka, njere isagundane ndi inzake. Kwirirani pang'ono, phimbani ndi udzu wouma wopanda njere, thirirani ndi kheni lokhala ndi chisefa chake kukamwa. Madzi a m'ndowa othira mwachindunji amakokolola njere n'kuziunjika pakona.

Kuyambira tsiku lachitatu muzisuzumira pansi pa udzu m'mawa uliwonse. Repu, mpiru ndi kabichi zimamera pa masiku 4 mpaka 7, tomato 7 mpaka 10, anyezi amatha kufika masabata awiri kukazizira. Mukangoona timitu tobiriwira, chotsani udzuwo tsiku lomwelo n'kuukweza pa kathandala kofika m'mawondo. Mukachedwa masiku awiri okha mbande zimatalika, zoyera, zoonda ngati ulusi, ndipo sizidzalimbanso.

Vuto lofala m'nazale ndi ili: mbande zinali bwino dzulo, lero zagona m'magulumagulu, ndipo mukayang'anitsitsa tsinde laonda n'kuda pamene lakhudzana ndi dothi, ngati wina walitsina. Ndi matenda obwera ndi chinyezi chochuluka, kuthinana ndi mthunzi wambiri. Zogwazo sizidzukanso. Zulani pamodzi ndi dothi lake, chepetsani madzi, thirirani m'mawa mokha, patulirani kuti pakati pa mbande pakhale mpata wa zala ziwiri, ndipo chepetsani udzu wa pathandala.

Sabata yomaliza chotsani mthunzi wonse n'kuchepetsa madzi kuti mbande zikhwime. Repu ndi mpiru zimakhala zokonzeka pa masabata 3 kapena 4, zili ndi masamba enieni anayi kapena asanu. Kabichi ndi tomato masabata 4 kapena 5. Anyezi masabata 6 mpaka 8, akanenepa kuyandikira pensulo. M'kuzizira kwa ku Dedza onjezani sabata. Karoti, nsawawa, nyemba ndi maungu sizidutsa ku nazale, zimabzalidwa pabedi pomwepo.

Kuwokera

Wokerani madzulo dzuwa litapepa. Thirirani nazale kwambiri ola limodzi musanazule, ndipo muzitukula mbande ndi kamtengo kapena supuni kuti ituluke ndi dothi lake. Yozulidwa ngati udzu imaduka timizu ndipo imakhala sabata yathunthu ikudwala. Sankhani zonenepa zokha. Zofooka tayani osamva chisoni.

Repu ndi mpiru: mizere iwiri pabedi, masentimita 45 pakati pa mizere, 40 pakati pa mbewu. Kabichi 60 ndi 60. Tomato mizere iwiri yotalikirana 60, mumzere 50 mpaka 60. Anyezi mizere inayi yotalikirana 20, mumzere 10. Dulani kamtengo ka muyezo uliwonse m'malo moyerekeza ndi maso, chifukwa maso amanama mbande zikakhala zazing'ono, ndipo aliyense amafuna kuthinitsa.

Ngati mukuthira feteleza wokulitsa monga D Compound kapena NPK ya 23:10:5, kachitsekerero kamodzi ka botolo la Fanta pa phando ndi kokwanira. Kasakanizeni ndi dothi kuti asakhudze mizu. Tomato muzikeni mozamirapo mpaka pafupi ndi masamba oyamba chifukwa tsinde lake limatulutsa mizu ina. Kabichi ndi repu zilowe monga zinalili ku nazale, mtima wake usakwiririke. Anyezi asazame, apo ayi sabereka mutu wabwino. Tsindirani dothi ndi zala, thirirani nthawi yomweyo.

Karoti ali ndi malamulo ake. Safuna manyowa atsopano kapena miyala, zimamuchititsa mphanda. Sakanizani njere ndi mchenga kuti zifeseke mopatuka m'mizere yotalikirana masentimita 25, ndipo pamwamba pasaume mpaka atamera, zomwe zimatenga masabata awiri kapena kuposa. Akafika kutalika kwa chala patulirani kuti atalikirane masentimita 5. Osapatulira amakolola masamba okhaokha.

M'mawa wotsatira mukapeza mbande zina zadulidwa pansi ngati ndi lezala, fukulani ndi chala kuzungulira tsinde. Mupeza mbozi yotuwa yodzipinda ngati mphete. Ipheni, wokeranipo ina. N'chifukwa chake mbande zochepa zizitsala ku nazale kwa sabata.

Madzi ndi chakudya cha mbewu

Phimbirani mabedi ndi udzu wouma wokhuthala zala zitatu kapena zinayi, koma usakhudze tsinde. Kwa munthu wothirira yekha, udzu umenewu ndi wantchito wosalipidwa: umasunga chinyezi, umapondereza udzu womera, ndipo nthawi yozizira mutha kudumphitsa tsiku osathirira. Chiswe chikalowa chimayamba ndi udzuwo, ndipo nthawi zambiri mbewu yothiriridwa bwino chimaisiya.

Kuwaza madzi pamwamba tsiku lililonse n'kudzinamiza. Mizu imangokhala pamwamba ndipo dzuwa likawomba mbewu imafota. Thirani okwanira kuti alowe pansi. Pisani chala chonse m'dothi: chikatuluka chonyowa mpaka kunsonga, lero musathirire. M'miyezi yozizira thirirani m'mawa dzuwa litatuluka kuti masamba asagone onyowa. Kukatentha thirirani madzulo. Usiku umene kumwamba kuli mbee, nyenyezi zili ngwee, mphepo yaleka, ndi umene chisanu chimagwa. Fundikani nazale ndi mbewu zanthete ndi udzu kapena masaka, m'mawa muvundukule.

Pakatha masabata 3 chiwokerereni, thirani wobereketsa, CAN kapena Urea, kachitsekerero kamodzi pa mbewu ziwiri ngati ndi Urea poti ndi waukali. Boolani kadzenje masentimita 10 kuchoka pa tsinde, kwirirani, thirirani. Repu ndi mpiru zomwe mukuthyola sabata ndi sabata zibwerezedwe pakatha mwezi. Masamba am'munsi akamasanduka achikasu mbewu n'kumakula mozengereza, ndi njala. Koma wobereketsa akachuluka tomato amangochita masamba, anyezi amanenepa khosi n'kumaola posunga, ndipo nsabwe zimachuluka. Anyezi akayamba kuika mutu musamuthirenso.

Opanda feteleza amize thumba la ndowe m'mgolo wa madzi kwa masabata awiri, asungunule madziwo mpaka aoneke ngati tiyi wopepuka, athire pansi osati pamasamba.

Tomato, mbewu yovuta kuposa zonse

Mphika uliwonse umafuna tomato, koma ndi amene amagwetsa ulesi oyamba kumene. Mitengo 10 kapena 12 ndi yokwanira banja la anthu awiri. Kumtunda kuno fesani kumapeto kwa Julayi pamalo otetezeka, muwokere kumapeto kwa Ogasiti, kuti muyambe kuthyola mvula isanakhazikike.

Zikani timitengo totalika mita ndi theka sabata yomweyo yowokera. Mukachedwa mudzabaya mizu. Mangani ndi luzi momasuka, chingwe chipingase pakati pa tsinde ndi kamtengo. Mitundu yomwe imangotalikirabe muzichotsa mphukira zotuluka m'khwapa mwa tsamba zikadali zazifupi ngati chala, pobudula ndi manja m'mawa. Mitundu yachitsamba monga Rodade ndi Tanya musaisadzule kwambiri, mungochotsa masamba am'munsi okhudza dothi. Madzi apite pansi, masamba asanyowe. Osuta kapena ofwenkha fodya asambe m'manja ndi sopo asanagwire tomato, chifukwa pali matenda a fodya amene amalowa mu tomato kudzera m'manja.

Chiwawu ndiye mdani wamkulu ku Dedza ndi Ntcheu, pa tomato ndi mbatatesi pomwe, chifukwa chimakonda kuzizira, nkhungu ndi mvula yowaza. Chimayamba ngati madontho akuda onyowa m'mphepete mwa tsamba, kunsi kwake kuli kanthu koyera ngati nkhungu m'mawa, ndipo m'masiku ochepa munda wonse umaoneka ngati wapsa. Mankhwala monga Dithane M45 kapena a kopa amateteza, sachiza. Amapoperedwa matenda asanafike, nyengo ikangosintha, n'kumabwereza monga chalembedwa pa paketi. Masamba ogwidwa thyolani mukakwirire kutali.

Mukaona timawindo toyera pa tsamba, ndipo poyang'ana padzuwa mkati muli kambozi kakang'ono, ameneyo ndi Tuta. Amaboolanso chipatso pafupi ndi pogwirira. Pa mitengo 12 manja amagwira ntchito kuposa mankhwala: muziyendera kawiri pa sabata, kuthyola masamba ogwidwa n'kuwakwirira. Mankhwala wamba ambiri samupha, ndiye funsani alangizi musanataye ndalama. Masamba akamachita timadontho tachikasu n'kuyamba kufiira m'nyengo yotentha, gwedezerani tsamba pa pepala loyera. Tinthu tofiira toyenda ngati fumbi ndi akangaude, ndipo amakonda mbewu yaludzu.

Mtengo ukafota wonse uli wobiriwira, dothi lili lonyowa, dulani tsinde pafupi ndi pansi muviike nsonga yake m'tambula ya madzi oyera, osagwedeza. Pakapita mphindi zochepa mukaona tiulusi toyera ngati mkaka tikutsika, ndi matenda ofotetsa a m'nthaka. Alibe mankhwala. Zulani ndi dothi lake, tenthani, ndipo pabedi limenelo pasabwerenso tomato, mbatatesi, tsabola kapena mabiringanya kwa zaka zingapo. Chipatso chikada kumatako, amenewo si matenda ogwira: ndi kuthirira kodukizadukiza, lero chigumula, mawa ludzu. Kung'ambika kwa zipatso gwero lake ndi lomwelo.

Tizilombo ta pa repu ndi kabichi

Muzitembenuza masamba. Nsabwe zimabisala kunsi ndi mumtima, tsamba n'kumakwinyika. Timbozi tobiriwira toboola kabichi, tomwe mukatikhudza timadzigwetsa n'kulendewera pa kaulusi, timakhalanso kunsi. Zikadali zochepa zifinyeni ndi zala. Zikachuluka, sinjani kilogalamu imodzi ya masamba aawisi a ombwe, ena amati mthuthu, muviike m'malita 10 a madzi usiku wonse, sefani ndi nsalu, onjezani kasopo pang'ono kuti amatirire, poperani madzulo makamaka kunsi kwa masamba. Nimu amagwiranso ntchito chimodzimodzi komwe amapezeka. Ombwe amapha nsomba, choncho zotsukira zisapite kumtsinje, ndipo dikirani masiku angapo n'kutsuka bwino musanaphike.

Mankhwala ogula akhale a m'botolo lake lenileni lokhala ndi malangizo. Othiridwa m'timabotolo topanda dzina pamsika asiyeni, ndipo a thonje kapena fodya asayandikire ndiwo. Pa botolo pamalembedwa masiku oyenera kudikira musanathyole. Werengani, kapena wina akuwerengereni, chifukwa odya ndinu nomwe ndi adzukulu akabwera pa holide.

Kabichi akamafota masana n'kutsitsimuka madzulo, osakula, zulani mmodzi. Mizu yotupa ngati zala zodwala ndi matenda amene amakonda nthaka yonyowa ndi yowawasa. Laimu waulimi ndi ngalande zimachepetsa, koma bedi limenelo lipume ku kabichi, repu, mpiru ndi chayinizi kwa zaka zambiri. Nthawi zambiri amabwera ndi mbande zogula kapena dothi la pa khasu lobwereka, n'chifukwa chake nazale yanuyanu ndi yofunika.

Kasinthasintha, kuthyola ndi zotsala

Kabichi, repu, mpiru ndi chayinizi ndi banja limodzi. Tomato, mbatatesi, tsabola ndi mabiringanya ndi lina. Banja limodzi lisatsatizane pa bedi lomwelo. Pochoka repu pabwere nyemba kapena anyezi, pochoka tomato pabwere karoti kapena chimanga chachiwisi. Lembani m'kakope nambala ya bedi, chomwe munabzala ndi tsiku. Chaka chamawa mutu sudzakumbuka.

Repu thyolani masamba awiri kapena atatu akunja pa mtengo uliwonse kamodzi pa sabata, mtima ndi masamba anayi zitsale. Mukatero bedi limodzi limakudyetsani miyezi iwiri kapena itatu. Anyezi akagwetsa makosi lekani kuthirira, pakatha sabata zulani, yanikani pamthunzi podutsa mphepo mpaka khosi liume, mangani m'mitolo mupachike. Masamba akachuluka futsani: viikani m'madzi owira mphindi ziwiri kapena zitatu, yanikani pa mphasa yoyera, makamaka pamthunzi kuti asayere, sungani mouma. Mfutso wa nkhwani kapena chitambe ndi katundu wopepuka wotumizira ana m'tauni. Zogulitsa zikhale zotsala zokha, kwa anansi ndi pamsewu. Pa Lizulu, Bembeke kapena Chimbiya mukakumana ndi alimi a maekala ndi mavenda odziwa kutsitsa mtengo, ndipo dengu limodzi silibweza ndi thiransipoti yomwe.

Tsiku lina foni idzalira kuti mpongozi wachira, bwerani mudzaone mdzukulu, kapena kudzagwa maliro kutali. Dimba la munthu mmodzi limafa pa masiku ngati amenewa. Pezeranitu mnansi wolima pafupi, mugwirizane kuti mukachoka azithirira ndipo azithyola repu ndi mpiru ngati malipiro ake, poti masambawo akapanda kuthyoledwa amangokhwima. Madzulo a tsiku loti mawa mukunyamuka thirirani kawiri muyezo wa masiku onse, onjezani udzu wophimbira, thyolani tomato yense amene wayamba kusintha mtundu kuti akapsere m'nyumba. Ulendo ukakhala wodziwikiratu, musafese nazale masabata atatu ulendowo usanafike. Mbewu zazikulu zophimbira bwino zimapirira masiku atatu kapena anayi opanda madzi m'nyengo yozizira, koma nazale ya mu Okutobala imauma tsiku limodzi.